Chichewa cha mu filimu ya Kamkwamba chinatisokoneza

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo maganizo anga pa filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yomwe inatuluka mu 2019 koma ine ndaionera sabata yathayi pamodzi ndi mayi anga okalamba. Filimuyi ikusimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene analekezera sukulu panjira chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, kenaka n'kupanga makina a magetsi oyendera mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi dayinamo ya njinga.

Zithunzi za njala zinatikhudza kwambiri. Pamene anthu ankalimbirana chimanga ndipo banja linayamba kudya kamodzi patsiku, mayi anga anangoti zii, ndipo patapita kanthawi anayamba kutchula mayina a anthu a m'mudzi mwathu amene anawaika m'manda chaka chimenecho, nthawi yomwe gaga ankasanduka chakudya cha anthu. Ndikuyamikira kuti filimuyi anaijambulira kuno kwathu, moti minda, nyumba ndi gule wamkulu zikuoneka zenizeni. Sindikudandaulanso kwenikweni kuti anaonetsa makinawo akupopa madzi othirira mbewu, ngakhale kuti oyambirira ankayatsa mababu ndi wailesi, pakuti opanga mafilimu amakometsera nkhani.

Chomwe chinandivuta ndi chilankhulo. Chiwetel Ejiofor, yemwe anatsogolera ntchitoyi n'kusewera ngati bambo ake a William, ndi wa ku Britain. Maxwell Simba, amene anasewera ngati William, ndi wa ku Kenya. Ndipo Aïssa Maïga, mayi wa m'banjamo, anakulira ku France. Onsewa anayesetsa kuphunzira Chichewa, ndipo khama lawo ndi losabisika, koma mawu ankatuluka opotoka, kamvekedwe kake kali kachilendo, moti pa malo ena achisoni mayi anga ankaseka osafuna. Lily Banda, mwana wakwathu amene anasewera ngati mlongo wake wa William, akangotsegula pakamwa, khutu linkapumula.

Ena adzati mayina otchuka ndiwo amakopa ndalama ndi oonera a kunja, ndipo pamenepo pali zoona. Komabe akatswiri a zisudzo tili nawo, monga momwe mafilimu a Shemu Joyah ndi Joyce Mhango Chavula asonyezera mpaka kupata mphotho kunja kwa dziko lino. Ndikupempha kuti amene amapereka chilolezo chojambulira mafilimu m'dziko muno azikambirana ndi alendowo kuti mbali zikuluzikulu zolankhula Chichewa zizipatsidwa kwa eni chilankhulo, chifukwa usiku umenewo ndinkachita kuwerenga Chingerezi cholembedwa m'munsi mwa kanema kuti ndiwamasulire mayi zimene anthu a ku Wimbe ankanena m'Chichewa.

Wowerenga wanu,
Mchinji