Masewero akale a sayansi a ku Britain sakupezeka pa cable ku America, koma vuto si Chingerezi ayi

A Mkonzi,

Ndiloleni kadanga mu nyuzipepala yanuyi ndikambeko nkhani ya TV. Ndikudziwa ena ati bambo uyu alibe zochita, anthu tikulira mitengo ya chimanga iye ali kalikiliki ndi za maloboti, koma nanga tizingolemba za ndale tsiku ndi tsiku? Ine ndimakhala ku America kuno, dera la Indiana, ndipo ndimalipira cable, ija TV yobwera pa waya, tingoti DStv ya kunoko. Matchanelo ndi ankhaninkhani moti chala chimachita kutopa pa limoti. Koma tayesani kusaka masewero akale a ku Britain a nkhani zopeka za sayansi, monga Doctor Who woyambirira uja wa 1963 mpaka 1989, Blake's 7, Sapphire & Steel kaya Red Dwarf, mupeza kuti kulibe, mukaapeza ndi mwamwayi chabe. Pomwe Star Trek ndi The Twilight Zone, za ku America zakalenso chimodzimodzi, ndiye zimangobwerezedwa usana ndi usiku.

Anzanga ena kuno amati n'chifukwa choti anthu a ku America samva kayankhulidwe ka Angerezi. Ine zimenezo ndikukana. Nanga mpira wa Premier League suja NBC yakhala ikuonetsa kuyambira 2013, oulutsa ake ambiri Angerezi omwewo, ndipo anthu amadzuka mamawa Loweruka kuonera osadandaula? Ndipo kalekale masewero a ku Britain ankaonetsedwa pa matchanelo akuluakulu a kuno, The Avengers pa ABC kuyambira 1966, The Prisoner pa CBS mu 1968, anthu ankamva bwinobwino. Nkhani apa ndi ya ndalama komanso mmene masewerowo anapangidwira basi.

Tiyambe ndi nthawi. BBC kwawo siika zotsatsa malonda, imayendera ndalama ya laisensi imene nyumba iliyonse yoonera TV imalipira, nde gawo limodzi la Doctor Who linkatenga mphindi 25 zathunthu, la Blake's 7 mphindi 50, kuyenda osaima. Kuno pulogalamu ya theka la ola imakhala mphindi 22 zokha, ya ola lathunthu 42 kapena 44, zotsalazo ndi za otsatsa galimoto, inshuwalansi ndi mankhwala. Ndiye mwini tchanelo akatenga Blake's 7 ayenera kudula mphindi 6 mpaka 8 pa gawo lililonse, ndipo adula pati poti olemba ake sanasiye malo opumira? Wolemba wa ku America amadziwiratu kuti pakatha mphindi zakuti kukubwera malonda, amaikiratu kachinthu kodzidzimutsa pamenepo kuti musasinthe tchanelo. Wa BBC analibe nazo ntchito zimenezo. Mu 1978 kampani ya Time-Life itabweretsa kuno magawo a Doctor Who amene Tom Baker ankasewera ngati Doctor, inachitadi kudula n'kuikamo mawu a munthu wina, Howard da Silva, woti azifotokoza zimene zachitika m'mbuyomu, okonda sewerolo mpaka lero amakwiya nazo.

Kenako kuchuluka kwa magawo. Matchanelo obwereza zakale amafuna katundu wambiri, nambala imene amaikonda ndi magawo 100, chifukwa ukaonetsa Lolemba mpaka Lachisanu amakufikitsa masabata 20 usanabwereze. Angerezi eti amapanga magawo 6 pachaka n'kupuma, Red Dwarf inkayenda choncho. The Prisoner yonse ndi magawo 17, Sapphire & Steel 34, Blake's 7 ndiye inayesetsa kufika 52. The Twilight Zone ili ndi 156. Star Trek yoyamba ili ndi 79 okha koma gawo lililonse ndi nkhani payokha, ukhoza kuyamba ndi lililonse, kuwasakaniza, palibe angadandaule. Doctor Who magawo alipo pafupifupi 700 inde, koma nkhani imodzi imatenga magawo 4 kapena 6 otsatizana, munthu wongodutsa ndi limoti akagwera pa gawo lachitatu samva mutu wake ndipo amapitirira.

Komanso magawo enawo kulibiretu, ndipo apa ndi pamene pamandiwawa. Kale tepi ya vidiyo inali yodula kwambiri, nde BBC ikaonetsa pulogalamu inkafufuta tepiyo n'kujambulirapo zina. Sankaona cholakwika chifukwa mgwirizano wawo ndi bungwe la ochita zisudzo la Equity sunkalola kubwereza pulogalamu mwachisawawa, makina oonera vidiyo m'nyumba kunalibe, ndipo TV ya zithunzi zamitundumitundu itabwera anaganiza kuti zakuda ndi zoyerazo palibenso adzazifune. Anasiya kufufuta mu 1978 madzi atafika kale m'khosi. Mpaka pano magawo oposa 90 a Doctor Who a zaka za m'ma 1960 ndi osowa, a nthawi ya William Hartnell ndi Patrick Troughton, awiri oyamba kusewera ngati Doctor, mawu okha ndi amene alipo chifukwa achinyamata ena ankajambula pa matepi a wailesi kunyumba kwawo. Tchanelo yanji ingagule nkhani ya magawo 6 pomwe awiri apakati kulibe?

Chosangalatsa n'choti ena anapulumukira ku Africa konkuno, ndikuti kwathu konko. BBC inkakopera masewerowa pa filimu ya 16mm n'kumagulitsa kumayiko ena, Nigeria, Zambia ndi ena otero, filimuyo ikatha kuno aitumiza uko, ina osabwereranso ku London. Mu 2013 kunalengezedwa kuti mkulu wina wosaka zinthu zotere, Philip Morris, wapeza magawo 9 osowa ali phee pa shelefu m'kachipinda ka siteshoni ya TV mu mzinda wa Jos ku Nigeria, a nkhani ziwiri, The Enemy of the World ndi The Web of Fear. Ife a ku Malawi musativutitse n'kufufuza, nthawi ya Kamuzu TV kunalibe, TVM inadzayamba mu 1999, anzathu a ku Zambia ankaonera ma Dalek, zilombo za mu Doctor Who, ife tili pa wailesi.

Tsono maonekedwe, apa tisanamizane, ndi ovutadi. Masewero a BBC ankajambulidwa pa vidiyo akakhala mu situdiyo, akatuluka panja pa filimu ya 16mm, nde munthu akatsegula chitseko kutuluka chithunzi chimasinthiratu, mkati mowala mbee ngati pulogalamu ya nkhani, kunja kwa mbuu ngati kuli fumbi, ndipo dziko lililonse la mlengalenga limene amapitako ndi mgodi wa miyala wa ku England komweko. Ndalama zinali zochepa. Dzanja la Dalek, chilombo choopsa kwambiri mu sewero lonselo, ndi kachipangizo ka labala kaja kotsegulira sinki ikatsekeka. Mu nkhani ina ya 1975, The Ark in Space, munthu akusanduka chilombo ndipo dzanja lake analikulunga ndi pulasitiki ya timatuza ija yokutira katundu wosweka, n'kuipaka utoto wobiriwira, basi chilombo chatheka. Ine ndimakonda zimenezo chifukwa wosewerayo amachita ngati akufadi ndipo umaiwala pulasitikiyo, koma pa TV yaikulu ya masiku ano chilichonse chimaonekera poyera. Onjezerani poti vidiyo ya ku Britain ya m'ma 1970 inali ya mizere 625 pomwe ya ku America 525, kusintha kwake kunkawononganso chithunzi. Star Trek anaijambula yonse pa filimu ya 35mm, n'chifukwa chake mu 2006 anatha kuikonzanso n'kumaoneka ngati yadzulodzulo. Tepi ya vidiyo siungaichite zimenezo, chimene chinalowamo n'chomwecho. Amene anachenjera ndi Lew Grade wa kampani ya ITC, iye ankapangira dala msika wa ku America, pa filimu komanso ndi malo a malonda, Space: 1999 mpaka anatengera osewera a kuno, Martin Landau ndi Barbara Bain. N'chifukwa chake za ITC zinayendako bwino kuno kusiyana ndi za BBC.

Koma chachikulu kwa ine ndi umwini. Matchanelo a cable ambiri ndi a makampani akuluakulu amene ali ndi nkhokwe zawozawo za mafilimu. Mwini golosale amene ali ndi bekale yake angadzaze shelefu ndi buledi wa mnzake? Sci-Fi Channel itayamba mu 1992 inalibe katundu wokwanira, inkaonetsako Doctor Who wakale ndi Space: 1999, koma itakula inayamba kupanga zakezake, mu 2009 inasintha dzina kukhala Syfy, mpaka inafika poonetsa masewero ogwetsana a WWE, kaya sayansi yake ili pati pamenepo. BBC America nayo, imene inayamba mu 1998 ndipo dzina lokha ungati ndiye kwawo kwa zinthuzi, kwa zaka zambiri inkadzaza maola ndi Star Trek: The Next Generation, poti mwina wosewera wamkulu wake Patrick Stewart ndi Mngerezi.

Kumene masewerowa anapeza pogona kuno ndi pa masiteshoni a PBS, amene si cable, ndi TV yaulere yopanda malonda, nde mphindi 25 sizinali vuto, ena ankalumikiza magawo onse a nkhani imodzi n'kuonetsa Loweruka usiku ngati filimu. Nthawi ndi nthawi ankaimitsa n'kupempha oonera kuti asonkhe ndalama, okonda Doctor Who ankasonkhadi. Pano zambiri zinasamukira pa intaneti, BritBox inayamba kuno mu 2017 ndipo inatenga Doctor Who wakale, kenako Pluto TV ndi Tubi, kumene kulibe zoti pulogalamu ikwane ola ndipo anthu ochepa okonda chinthu amakwanira kuti bizinesi iyende.

Ngakhale kumeneko maloya sanachoke. Kale olemba ambiri a BBC ankakhalabe eni ake a zimene apeka, mwachitsanzo ma Dalek ndi a banja la malemu Terry Nation, yemwenso analemba Blake's 7, ndiye aliyense wofuna kuonetsa ayenera kugwirizana ndi anthu angapo, olemba, oimba, osewera, pa sewero loti oonera ake ndi ochepa kale. Mu 2023 BBC inaika Doctor Who wakale pa iPlayer, malo ake oonetsera pa intaneti, pokondwerera zaka 60 za sewerolo, koma nkhani yoyambirira yeniyeni, An Unearthly Child, sinaikidwepo chifukwa sanamvane ndi wolowa chuma cha mlembi wake Anthony Coburn. Ndiye ngati BBC yeniyeniyo inalephera kuonetsa gawo loyamba la sewero lake m'dziko lake lomwe, bwana wa tchanelo ku New York angataye nthawi yake kuimbira mafoni anthu onsewo?

Wowerenga wanu,
Indiana, America