Kodi ndisiye ana amene ndimawaphunzitsa ndipite ku Joni?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 28, ndimakhala m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja chakufupi ndi Malindi kuno ku Mangochi. Ndili pabanja ndipo tili ndi mwana mmodzi wamkazi. Chimene chimandidyetsa ndi geni ya usipa. Ndimapikula kwa asodzi m'mbandakucha, ndimayanika pa thandala, ukauma ndimakagulitsa ku msika wa pa boma. Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi ana a eni ake amene ndimawaphunzitsa masana.

Zinayamba mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Tsiku lina ndinatuma mwana wa achemwali anga ku okala, ndinamulembera pakapepala kuti sopo, mchere, machesi. Mwana wa Sitandade 4 anangokayang'ana kapepalako, kenako n'kundifunsa kuti, "Mayi aang'ono, palembedwa chiyani?" Zinandilasa mtima. Madzulo omwewo tinakhala pansi, ine n'kumalemba a, e, i, o, u ndi kamtengo pamchenga. Sabata isanathe anabwera ndi anzake awiri. Lero alipo 23. Timakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, bolodi yathu ndi chitseko chakale chimene ndinachipaka penti yakuda, ndipo masamu timawerengera zitsekerero za mabotolo. Ena amachedwa chifukwa amayamba apita ku madrasa, ndimawadikira. Sindilipiritsa ngakhale tambala.

Sindikunena aphunzitsi ayi, ndimawamvera chisoni. Ndinasuzumirapo m'kalasi ya mwana wa achemwali anga uja, ana oposa 100 atakhala pansi, mphunzitsi mmodzi. Mwana wakumbuyo angamuone bwanji kuti cholembera akugwira molakwika? Komanso ambiri mwa anawa kunyumba amalankhula Chiyao, pomwe mabuku amene amawapeza ku sukulu ndi a Chichewa ndi Chingerezi. Ine Chiyao ndimachimva bwino, ndiye mwana akasokonezeka ndimamufotokozera kaye m'chilankhulo cha kwawo, kenako timabwerera m'buku. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, inde, koma kuno nyanja ili pakhomo. Mnyamata akangoti sinkhu amayamba kukoka nawo makoka, m'mawa n'kubwera ndi kangachepe m'thumba, ndiye mukamuuza za kope amakuonani ngati mukumuchedwetsa.

Pali kamnyamata kena ka zaka 12 kamene sindingakaiwale. Kankabwera maso ali psuu chifukwa chogona panyanja, n'kumasinza ine ndikuphunzitsa. Miyezi inayi yathunthu tinalimbana ndi maphatikizo, ba be bi bo bu, mpaka ndinatsala pang'ono kutaya mtima. Ndiye m'mawa wina ndili padoko kudikira usipa, kanandikoka chitenje n'kundilozera boti limene kamakwera. Kanaika chala pa malemba a m'mbali mwa botilo n'kuyamba kutchula pang'onopang'ono, "Zo-nse ndi Mu-lu-ngu." Kanali katakwera botilo zaka ziwiri osadziwa kuti palembedwa chiyani. Azakhali, ndinalira pamaso pa asodzi, osachita manyazi. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti ntchito imene mtima wanga umafuna ndi uphunzitsi.

Vuto ndi ili. Amuna anga ali ku Johannesburg kuyambira 2019. Ndi munthu wabwino, sindingawanamizire. Amatumiza ndalama, ndipo nyumba yamalata imene tikugonamo ndi thukuta lawo. Tsopano akuti andipezera ntchito ya m'nyumba komweko, ndipo akufuna ndikhale nditafika pofika Disembala. Nditawauza za anawa anandiyankha kuti, "Amake mwana, ana a eni akewo adzakudyetsani?" Apongozi anga nawo akuti mkazi wanzeru amatsata mwamuna wake, ndipo ndisadzalire ndikadzamva kuti atenga wina kumeneko. Mawu amenewa amandiopsa chifukwa m'mudzi muno ndaona mabanja angapo akutha motero. Mwana wathu ali ndi zaka 6 ndipo bambo ake wawaona kawiri kokha. Akamaimba foni amawachitira manyazi ngati mlendo.

Ine ndinalemba MSCE mu 2015 koma Chingerezi sindinakhoze bwino, n'chifukwa chake sindinathe kupita ku sukulu ya uphunzitsi. Cholinga changa ndi chakuti ndilembenso mayeso, ndikakhoza ndifunsire malo ku TTC, sukulu ya uphunzitsi ija, kaya ku Machinga kaya kwina kulikonse, ndikaphunzire zaka ziwirizo. Ndikudziwa kuti zimene ndimachita pansi pa mangoyu n'zongoyesera, pali zambiri zimene mphunzitsi weniweni amadziwa zimene ine sindizidziwa. Pali kamtsikana kena kamene kamasinthanitsa b ndi d mpaka lero, ndayesa njira zonse zimene ndikuzidziwa koma ndakanika. Amuna anga akuti anthu ambiri amamaliza ku TTC n'kukhala zaka akudikira kuti boma liwalembe ntchito. Apa sakunama, ndipo ndilibe chowayankha.

Tsopano ndiulule chimene ndinalakwa. Mwezi wa Meyi ananditumizira ndalama zoti ndikapangitse pasipoti. Ine ndinatapako n'kukalipira fizi ku sukulu ya masana kuti ndiyambe kubwereza Folomu 4, zotsalazo ndinagula mabuku ndi choko. Sindinawauze. Akafunsa ndimangoti zikutheka, ku ofesi kukuchedwa. Sindinaleredwe kunena bodza, ndipo bodza limeneli likundidya m'kati. Ndikuyesetsa kubweza pang'onopang'ono kuchokera ku geni yanga, koma mwera ukaomba asodzi salowa panyanja, usipa umasowa, ndipo pano ndangokwanitsa theka.

Ndaganizapo zosiyira anawa munthu wina. Ndinapempha mtsikana wina amene anamaliza Folomu 4 kuti azindithandiza, anabwera masiku atatu n'kundifunsa kuti malipiro ake akhala angati. Sindikumuda, nayenso ali ndi m'mimba. Makolo a anawa amayamikira, ena amandipatsa kansomba kapena chinangwa, koma za ndalama palibe amene angakwanitse.

Ndiye ndithandizeni Azakhali. Kodi ndi kudzikonda kuti mkazi wapabanja akane kutsata mwamuna wake chifukwa cha ana amene sanabereke yekha? Kodi ndiwapemphe kuti andipatse zaka zitatu zoti ndiyese mwayi wanga, kapena pamenepo ndiye kuti ndikugwetsa banja ndi manja anga? Nanga nkhani ya ndalamayi ndiwauze ndekha pafoni, kapena ndidzere kwa ankhoswe? Amaimba pa WhatsApp Lamulungu lililonse madzulo, ndipo ulendo wathawu anati ndiwajambulire risiti ya pasipoti aione. Lamulungu likubwerali aimbanso, ndikawayankhe chiyani?

Ine mwana wanu,
Mayi wa ku Malindi, Mangochi