Kubwereza kalasi si thandizo kwa mwana wotsalira

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za ana amene akufika Sitandade 4 m'sukulu za boma muno mu Blantyre asakudziwa kuwerenga. Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo chaka ndi chaka ndimalandira ana otere. Kuwazindikira si kophweka. Mwana amakopera za pa bolodi mwaukhondo, lembo ndi lembo, koma mukamuuza kuti awerenge zimene walembazo amangoti kukamwa pululu. Anzake akamawerenga mokweza iye amagwedeza milomo kutsatira gulu. Mukamuloza mawu akuti "nkhuku", maso ake amathamangira pa chithunzi. Ana amenewa ndi ochenjera, chifukwa pamafunika nzeru kuti ubisale chonchi zaka zitatu, komabe ife timawatcha mbutuma.

Mankhwala athu ndi amodzi okha: abwereze. Mwanayo amakhalanso pa simenti yomweyo, kumva phunziro lomwelo pa liwiro lomwe linamusiya chaka chatha, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndi wamtali kuposa anzake ndipo akumuseka. Makolo amene ali ndi kangachepe amamulipirira pati taimu. Wa mayi wogulitsa tomato pa Ndirande amabwereza kawiri, kenako timangomva kuti akugulitsa majumbo mu Limbe.

Sindikunyoza aphunzitsi anzanga. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994, pamene ana a pulayimale anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi sanapumepo. Boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma m'madera ngati Mbayani, Bangwe ndi Ndirande kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo. Onjezanipo kutsekedwa kwa sukulu chifukwa cha Covid-19 mu 2020, kolera amene anachedwetsa kutsegulira mu Januwale 2023, ndi namondwe Freddy amene mu Malichi chaka chomwecho anasandutsa makalasi kukhala misasa ya anthu a ku Chilobwe ndi madera ena. Ana amene anaphonya maliwu ndi maphatikizo nthawi imeneyo anapitirira nawo mpata womwewo m'makalasi a patsogolo.

Chimene ndikupempha n'chakuti thandizo la mwana likhale ndi magawo, monga mmene zilili ku zaumoyo. Mlangizi wa zaumoyo amayendera mudzi wonse, wodwala amapita ku chipatala chaching'ono, ndipo amene zamuvuta kwambiri ndiye amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Queens. Ku sukulu gawo loyamba ndi kalasi yonse: kuphunzitsa bwino, ndi kuyesa mwana aliyense payekha kumayambiriro kwa teremu. Mphindi ziwiri zimakwana kuti mudziwe ngati akuzindikira malembo, akuphatikiza, kapena akuwerenga chiganizo. Gawo lachiwiri ndi la amene atsalira. Awa aikidwe m'timagulu malinga ndi pamene afika, osati malinga ndi kalasi yawo, n'kumakumana theka la ola masiku angapo pa sabata. Pakatha milungu isanu ndi umodzi ayesedwenso. Amene wagwira atuluke m'gulumo, asamatidwe dzina mpaka kalekale. Gawo lachitatu ndi la ochepa amene sakusunthabe. Apa m'pofunika kukhala naye payekha, kumuyeza maso ndi makutu, kucheza ndi makolo, ndi kuitana aphunzitsi a maphunziro apadera amene amaphunzitsidwa ku Montfort College ku Nguludi. Ndinakhalapo ndi mtsikana amene ankakhala kumbuyo kwenikweni, akutsinzinira bolodi. Atasunthira kutsogolo n'kupeza magalasi, nkhani ya umbutuma inathera pomwepo.

Izi si zongolota. Ku America njira ya magawo atatu inafala pambuyo pa lamulo lawo la maphunziro a ana olumala la mu 2004. Wina anganene kuti kumeneko kuli ndalama, n'zoona. Koma bungwe la Pratham ku India linaonetsa kuti kugawa ana malinga ndi zimene akudziwa kumatheka ngakhale m'makalasi odzaza, ndipo anansi athu a ku Zambia anatengera njirayi m'sukulu zawo za boma.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene popanda icho zonsezi zidzathera m'mapepala: mphunzitsi nayenso amafuna womuthandiza. Pulogalamu ya boma yolimbikitsa kuwerenga itayamba mu 2016, tinalandira mabuku ndipo tinaphunzitsidwa ku ma TDC, malo amene aphunzitsi amakachitirako maphunziro owonjezera. Zinali zabwino. Koma zimene mwamva pa tchuthi mutakhala pa mpando ndi akuluakulu anzanu zimasiyana ndi Lolemba m'mawa, ana 110 akukuwa, choko chatha, theka lawo akudikira belu la phala. Apo m'pamene munthu umafuna wina woti aime nawe.

Tili ndi a PEA, akuluakulu amene amayendera ndi kulangiza aphunzitsi m'zoni (gulu la sukulu zoyandikana), ndipo ambiri ndi anthu odziwa ntchito. Vuto n'lakuti munthu mmodzi ali ndi zoni yonse, kuphatikizapo malipoti, misonkhano ndi mayeso. Akafika pa sukulu nthawi imakhala yochepa, ndiye amaona sikimu, lesoni pulani ndi rejisitala, n'kusaina. Mphunzitsi akamva kuti kukubwera alendo amasankha phunziro limene ana analidziwa kale, amaloza okhawo okweza manja, ndipo otsalira aja amabisika kachiwiri, ulendo uno ndi mphunzitsi wawo yemwe.

Mlangizi amene ndikunena ndi wa pa sukulu pomwepo, ndipo sabwera kudzagwira wolakwa. Amakhala kumbuyo n'kuona kuti ndi ana ati amene sanatsegule pakamwa. Nthawi zina amatenga choko yekha kwa mphindi khumi kuonetsa mmene angaphunzitsire "mb" ndi "mph" kwa gulu lotsalira pamene ena akulemba. Akaweruka amakhala pansi awiriwiri, kugwirizana chinthu chimodzi chokha choti chisinthe, sabata yamawa n'kubweranso. Amasunganso mndandanda wa ana a gawo lachiwiri ndi lachitatu kuti mwana asasowe akasintha mphunzitsi. Zimene waona zisalowe mu fayilo ya kukwezedwa pa ntchito, chifukwa zikatero palibe mphunzitsi adzanene poyera kuti apa zikundikanika.

Anthu otere tili nawo kale. Sukulu iliyonse ili ndi oyang'anira zigawo za makalasi, ndipo aliyense amadziwa mayi amene ana ake amatuluka Sitandade 1 akuwerenga. Kungoti nawonso ali ndi kalasi yawo yodzaza kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Awachepetsere mapiriyodi, mpatawo utsekedwe ndi achinyamata amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi koma akungokhala kudikira ntchito.

Pempho langa kwa akuluakulu a maphunziro mu mzinda wa Blantyre ndi ili: sankhani zoni imodzi kapena ziwiri, ikani theka la ola la timagulu pa taimutebulo ya Sitandade 2 mpaka 4, masulani mlangizi mmodzi pa sukulu iliyonse, ndipo a PEA azikumana ndi alangiziwo mwezi ndi mwezi. Makomiti a sukulu ndi magulu a amayi atithandize kulondola ana ojomba. Chaka chikatha muwayesenso anawo, zotsatira zake muziike poyera kuti makolo aone okha.

Mphunzitsi wa Sitandade 4,
Blantyre