Mabwana, mamemo mukulandirawo tiuzeniko nafe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za mauthenga omwe amatumizidwa kwa mamanejala m'madipatimenti oona za chisamaliro cha anthu kuno ku America. Kwa omwe sakudziwa, steti iliyonse kuno ili ndi dipatimenti yakeyake yoyendetsa zinthu ngati SNAP, thandizo logulira chakudya lija kale ankati food stamps asanasinthe dzina mu 2008, Medicaid yolipirira kuchipatala, ndi TANF ya ndalama zothandizira mabanja omwe ali ndi ana. Ndalama zambiri zimachokera ku Washington koma ntchito timagwira ndife a steti, ndiye lamulo likasintha kumtundako uthenga umadutsa m'manja ambiri usanafike kwa munthu yemwe wakhala pa desiki kuyankha mafoni.

Nde vuto lili pamanja omalizawo. Likulu limatumiza imelo kwa mamanejala, imelo yake yaitali ngati chingwe, m'menemo muli za kukonza zikepe, za tsiku lothokoza ogwira ntchito, za kusintha pasiwedi, kenako pansi penipeni kamzere kamodzi konena kuti fomu yakutiyakuti yasintha kuyambira Lolemba. Bwana watanganidwa ndi mamiting'i, angodina fowadi osawerenga, kapena aiwaliratu, ndiye ife timadzamva za kusinthako kwa kasitomala yemwe walandira kalata kunyumba kwake akutikalipira pafoni. Zochititsa manyazi zedi, munthu wakunja kumakuuza lamulo la ofesi yako yomwe.

Chaka cha 2023 ndi chomwe chinationetsa zakuda. Ndalama zoonjezera za SNAP zija ankapereka nthawi ya Covid zinatha kumapeto kwa February, anthu kungoona mu March kuti pa khadi la EBT, lomwe amalandirirapo thandizolo, palowa zochepa, mafoni kulira osaleka. Pasanathe nthawi, pa 31 March lamulo loletsa kuchotsa anthu pa Medicaid linatha, kuyambira April masteti anayamba kuunikanso aliyense payekhapayekha ngati akuyenerabe. Anthu opitirira 20 miliyoni anachotsedwa dziko lonse, ndipo chomwe chimandipweteka n'choti ambiri mwa iwo anachotsedwa chifukwa cha mapepala chabe, fomu sinabwerere nthawi yake, kalata inapita ku adilesi yakale, zoterozo. Sindikunena kuti zonsezo ndi mlandu wa masupavaiza ayi, ogwira ntchito analinso ochepa ndipo makompyuta ankachita zawo, koma malangizo ankasintha pafupipafupi ndipo ofesi yomwe bwana ankakhala pansi ndi anthu ake kuwafotokozera zinthu zinkayenda mosiyana ndi yomwe bwana ankangoti munalandira imelo, werengani.

Komanso ntchito yathu ili ndi masiku owerengeka, sizoti uchita ukafuna. Pempho la SNAP liyenera kuyankhidwa pasanathe masiku 30, ndipo ngati banjalo lilibiretu kanthu ndi masiku 7 okha. Medicaid ndi masiku 45, kapena 90 ngati nkhani yake ndi ya ulumali. Ndiye tangoganizani wagwira mafayilo sabata yonse ndi malangizo akale, uyambirenso, masiku aja akuthabe, ndipo lipoti likatuluka kuti ofesi yachedwetsa anthu dzina lolembedwa ndi lako iwe wa pa desiki, amene anakhalira uthenga uja ali phee.

Za ufulu wa ogwira ntchito ndiye osanena. Lamulo la FMLA la 1993 limapatsa munthu masabata 12 a tchuthi chosalipidwa akadwala, akabereka kapena akamadwazika kholo, bola wagwirapo miyezi 12 ndi maola 1,250, ndipo a HR, oona za ogwira ntchito, amawakumbutsa mabwana za zimenezi koma mupezabe wina akuuza wantchito kuti akapita ntchito saipeza. Eti bwana ameneyo memo anailandira.

Pempho langa kwa a kulikulu n'loti zosintha malamulo muzizitumiza pazokha, osazisakaniza ndi za mapwando, pamwamba penipeni mulembe chomwe chasintha, tsiku loyambira, ndi mawu oti tiziwauza anthu akafunsa. Ndipo inu mabwana athu, mphindi 15 zokha m'mawa tisanatsegule mazenera, werengani nafe limodzi, tifunse mafunso, chomwe simukuchidziwa mukafunse kumtunda mubwere ndi yankho tsiku lomwelo, ndipo musaiwale omwe akugwirira kunyumba komanso omasulira zinenero poti iwowa amamva zinthu pomalizira nthawi zonse. Pa 1 October ndalama za SNAP zimasintha chaka chilichonse, aliyense amadziwa zimenezo, ndiye tebulo la ziwerengero zatsopano tilione mu September chonde.

Ine wowerenga wanu,
Wogwira ntchito yothandiza anthu, America