Za chotupa chapezeka pakhosi pakocho

Mwana wanga,

Uthenga wako wa pa WhatsApp, wonena kuti adokotala akupeza ndi chotupa pakhosi ndipo akufuna kukuchita opareshoni, ndaumva, ndipo mawu ako akuchita kuonetsa kuti sukugona. Khazika mtima pansi undimvere, pajatu ntchito yanga inali ya unamwino.

Choyamba, ichi si chithokomiro ayi, usalimbane ndi za mchere wa ayodini. Kuseri kwa chithokomiro kuli tiziwalo tinayi totchedwa parathyroid, kalikonse kukula kwake ngati kambewu ka mpunga, ntchito yake nkuonetsetsa kuti kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa uja, m'magazi asachuluke komanso asachepe. Kamodzi kakatupa kamayamba kutulutsa homoni yambiri osapuma, nde kashiamu amachoka m'mafupa nkudzaza m'magazi, mpake ludzu lija, kukodzakodza usiku, kudzimbidwa, kutopa kosadziwika bwino ndi mwala wa mu impso unakugoneka m'chipatala uja. Mwa anthu 100 odwala matendawa, pafupifupi 80 kapena 85 vuto limakhala kachotupa kamodzi basi, kosafalikira. Khansa ya pamenepa ndi yosowa kwambiri, safika ndi munthu mmodzi yemwe pa 100.

Tsono ukufunsa kuti chayambitsa nchani. Kwa anthu ambiri selo imodzi imangosokonekera yokha nkuyamba kuchulukana popanda chimene munthu walakwitsa, ndipo zimagwira kwambiri amayi amene asiya kusamba. Sizibwera chifukwa chomwa mkaka kapena kudya usipa. Ndipo zoti azakhali ako anakuchita chipongwe, zimene ena ayamba kunong'ona kunozi, usazilole nkomwe, mayi uja anakubereka kumbuyo iwe uli khanda ine ndili ku night.

Zodziwika zimene zimachititsa nzochepa. Amene anawotchedwapo ndi radiation, cheza champhamvu chochizira matenda chija, kumutu kapena pakhosi, makamaka ali mwana, chotupa chimatha kudzatuluka patapita zaka 20 kapena kuposa. Enanso ndi amene amwa lithium nthawi yaitali, mankhwala a matenda a maganizo aja. Iwe zonsezi sizikukukhudza.

Chimene chikundisowetsa mtendere ine ndi cha kumtundu. Iwe sunakwane ndi zaka 40 zomwe, ndiwe wamng'ono pa matendawa, ndiye ukumbukire malemu bambo ako mmene ankavutikira ndi miyala ya mu impso, kuchira pang'ono yabweranso, kuphatikiza zilonda za m'mimba zosamva mankhwala zija. Kuli matenda oyenda m'magazi otchedwa MEN1, amagwira parathyroid, kapamba (pancreas), ndi kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary, ndipo kholo likakhala nawo mwana aliyense amakhala pa theka ndi theka kuwatengera. Sindikuti uli nawo, koma adokotala ako ku Johannesburg ko sangalote mbiri ya bambo ako, uwauze wekha opareshoni isanachitike, chifukwa mwa anthu a MEN1 nthawi zambiri tiziwalo tambiri timakhala totupa osati kamodzi, nde kachitidwe ka opareshoni kamasintha. Akapeza kuti ndi choncho, mng'ono wako ndi adzukulu angawo afunikanso kuyezedwa magazi.

Opareshoniyo usaiope, oposa 90 pa 100 amachiriratu. Pakali pano uzimwa madzi ambiri, ndipo mapilisi a kashiamu ogula wekha aja uyambe wawaonetsa adokotala. Akakupatsa tsiku undiuze msanga ndiyambe kuona za basi, pasipoti yanga ikadali bwino.

Ndine mayi ako.