Kalata kwa mwana wanga: amuna ako ndi maulosi a masiku otsiriza

Mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino, kaya iwe, bambo a kunyumba ndi adzukulu angawo.

Wafunsa ngati amuna ako, amene tsopano akunena poyera kuti sakhulupiriranso Mulungu, angatembenuke mtima ataona ulosi wa masiku otsiriza ukukwaniritsidwa iwo akupenya. Ndamvanso kuti ukumawatumizira pa WhatsApp mavidiyo a nkhondo ya ku Israel, zivomezi ndi 666. Ndikuyankhe mosapita m'mbali: ena angatembenuke, ambiri ayi, ndipo mavidiyowo akungowakankhira kutali.

Buku limene ukudaliralo linayankha kale funsoli. Pa Chivumbulutso 9:20-21, miliri itapha gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu, otsalawo sanalape. Pa chaputala 16 ndiye ziliko: anthu akupsa ndi dzuwa, ali ndi zilonda, matalala akuwagwera, koma akutukwana Mulungu. Taona bwino pamenepa. Kutukwanako kukusonyeza kuti akudziwa amene watumiza miliriyo. Zoti Mulungu aliko sakukayikanso, koma kugwada akukana. N'zomwe Yakobo 2:19 akunena, kuti ziwanda nazonso zimakhulupirira mpaka kunjenjemera. Kuvomereza kuti chinthu n'choona ndi nkhani ina, kupereka mtima ndi nkhani inanso. Komabe si onse ouma mtima, chifukwa pa 11:13 chivomezi chitapha anthu 7,000, otsala anachita mantha n'kulemekeza Mulungu.

Kugawikana kumeneku kunayamba Yesu adakali pansi pano. Lazaro atatuluka m'manda, ambiri anakhulupirira, ena anathamanga kukanena kwa Afarisi, ndipo akulu a ansembe anapangana zopha Lazaro yemweyo. Pa Yohane 12:28-29 mawu atamveka kuchokera kumwamba, ena anati mngelo walankhula, ena anati kwangogunda. Anali pamalo amodzi, makutu awo anamva chimodzimodzi.

Tsono usafulumire kunena kuti amuna ako ndi amakani chabe. Munthu wosakhulupirira koma woganiza bwino amaupima ulosi, ndipo mafunso ake ndi achilungamo. Amafunsa ngati ulosiwo ukunena chinthu chenicheni kapena zochitika masiku onse. Nkhondo, njala ndi zivomezi za pa Mateyu 24:6-7 sizinasowepo m'mbadwo uliwonse. Zivomezi zazikulu, zofika 7 pa muyezo kapena kuposa, zimachitika pafupifupi 15 chaka chilichonse, ndipo vesi 6 lomwelo likuti chimaliziro sichinafike. Amafunsanso kuti mawuwo analembedwa liti. Kachisi wa ku Yerusalemu anagwetsedwadi ndi Aroma m'chaka cha 70 AD, monga Marko 13:2 akunenera, koma akatswiri ambiri amati Marko analembedwa cha m'zaka zomwezo, choncho wokayika amati wolembayo anaziona zikubwera kapena zitachitika kale. Ukawauza za kubadwa kwa dziko la Israel mu 1948 adzakukumbutsa za lonjezo la Balfour la mu 1917, pomwe boma la Britain linati Ayuda akhale ndi kwawo ku Palestine, ndi voti ya United Nations ya mu 1947 yogawa dzikolo, n'kunena kuti anthu owerenga ulosiwo ndiwo anathandiza kuukwaniritsa. Za 666 ndiye usayambe n'komwe. Nambalayi yaikidwapo pa Nero mfumu ya Aroma, pa apapa, pa Hitler, pa timizere ta mitengo ya katundu m'masitolo, mpaka pa katemera wa Covid-19, ndipo mipukutu ina yakale ili ndi 616. Ulosi wokwana aliyense sutsimikizira munthu kalikonse.

Chopweteka kwambiri ndi chakuti ife Akhristu tinadziwonongera tokha umboni ndi madeti. Otsatira William Miller ku America anawerengera masiku 2,300 a pa Danieli 8:14 n'kudikira kubwera kwa Yesu pa 22 October 1844, ena osakolola n'komwe m'minda mwawo. Kuno kwathu Elliot Kamwana anafika ku Nkhata Bay mu 1908 ndi uthenga wa Watch Tower woti ufumu ubwera mu 1914 ndipo msonkho utha. Anabatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yochepa, boma la atsamunda n'kumuchotsa m'dziko mu 1909. Chaka cha 1914 chinabweretsa nkhondo, msonkho unapitirira. Mlaliki wa ku America Harold Camping analengeza pa wailesi yake kuti tsiku la chiweruzo ndi 21 May 2011, litadutsa anasunthira ku 21 October, pamene ena anali atamwaza kale ndalama zawo zonse pa zikwangwani. Mlimi amene wagulitsidwapo katatu chimanga chopaka utoto ngati mbewu yamakono sakhulupiriranso paketi, ngakhale ikhale yeniyeni. Deti lililonse lolephera limene wawatumizira likuchepetsa mwayi woti adzakumvere pa nkhani yoona.

Chodabwitsa n'chakuti ulosi ukalephera, okhulupirira ambiri sachoka. Mwa otsatira Miller ena anamasuliranso detilo, ndipo mwa iwo munatuluka mpingo wa Seventh-day Adventist mu 1863. Ngati kulephera kwa ulosi sikuchotsa munthu pa chikhulupiriro, usayembekeze kuti kukwaniritsidwa kwake kokha kungamulowetsemo. Mtima wa munthu umapeza njira yofotokozera zimene waona kuti zigwirizane ndi zomwe wagwira kale, ndipo zili choncho kwa iwo, kwa iwe ndi kwa ine.

Palinso mfundo ina imene alaliki a pa intaneti amaidumpha. Deuteronomo 18:22 akuti mneneri amene mawu ake sanachitike ndi wabodza, koma 13:1-3 akuwonjezera kuti ngakhale chizindikiro chichitikedi, usamutsate ngati akukukokera kwa milungu ina. Mateyu 24:24 akuchenjezanso za aneneri onyenga ochita zizindikiro zazikulu. Ndiye kuti iweyo unalamulidwa kusasintha chikhulupiriro chifukwa cha chozizwitsa chokha. Amuna ako akachenjera chimodzimodzi, usawaweruze msanga.

Mwina uti, nanga mkwatulo, anthu mamiliyoni atasowa tsiku limodzi? Pamenepo ndikuvomereza kuti ambiri angagwedezeke, ndipo osakhulupirira achilungamo anganene kuti analakwitsa. Koma dziwa kuti chiphunzitso cha mkwatulo wachinsinsi chinafalitsidwa ndi mlaliki wa ku Britain John Nelson Darby cha m'ma 1830, ndipo a Katolika, a Anglican ndi mabuku akale a chiphunzitso cha CCAP sachiphunzitsa. Kubwera kumene mipingo yonse imavomereza ndi kwa pa Chivumbulutso 1:7, koti diso lililonse lidzamuona, ndipo pa fanizo la anamwali khumi nthawi imeneyo chitseko chimakhala chitatsekedwa.

Tsono chita izi. Mavidiyo aja siya lero. Sankha tsiku limene nonse mwakhuta ndipo ana agona, uwafunse mafunso awiri okha: chinawachotsa m'tchalitchi n'chiyani, ndipo n'chiyani chingawasinthe maganizo? Akamayankha usawadule, usatsegule vesi. Nthawi zambiri chifukwa sichikhala kusowa umboni, koma maliro amene anawaswa mtima, kapena mbusa amene anadya ndalama za nkhosa. Ngati ndi zimenezo, nkhani ya Israel siingachize bala limenelo. Za ana mugwirizane poyera kuti apita kuti Lamulungu, ndipo usamawauze kuti bambo awo akapsa. Werenga 1 Petro 3:1-2, pomwe akunena za amuna okopeka ndi makhalidwe a akazi awo popanda mawu, ndi vesi 15, loti uyankhe akakufunsa, mofatsa ndi mwaulemu.

Udzisamalenso wekha. Mneneri akatchula deti, akakuuza kuti ugulitse katundu, uchotse ana kusukulu kapena usale kudya mopanda malire, tuluka tsiku lomwelo. Ku Kanungu ku Uganda mu March 2000 anthu oposa 700 anafa m'gulu lodikira chimaliziro, ndipo ku Shakahola ku Kenya kuyambira mu 2023 afukula mitembo yoposa 400, kuphatikizapo ya ana ambiri.

Pa tchuthi cha Khirisimasi mubwere nonse. Uwauze akamwiniwo kuti kuno palibe amene adzawakhazike pabwalo, ndipo azakhali ako ndiwalankhula ndekha kuti asadzayambitse.

Ndine,
Bambo ako