Lipoti la ulendo wa ku Cape Town: nyenyezi zophulika

A Wapampando ndi mamembala nonse a kalabu yathu ya aphunzitsi a sayansi, ndabwerako bwino kumene munandituma. Msonkhano waukulu wa International Astronomical Union, bungwe la padziko lonse la akatswiri a zakuthambo, unachitika kuyambira pa 6 mpaka pa 15 Ogasiti 2024, ndipo aka kanali koyamba kuti uchitikire mu Africa muno. Zokambirana zinali mbwee, ine ndinakakamira za ma supernova, nyenyezi zimene zimaphulika pofika kumapeto a moyo wake.

Kapezedwe kake nkosavuta kumva. Telesikopu imajambula chigawo chimodzimodzi cha thambo mobwerezabwereza, kompyuta nkuyerekeza chithunzi cha usiku uno ndi chakale. Pakaoneka kadontho kowala pamene panalibe kanthu, uthenga umapita ku Transient Name Server, kaundula wa pa intaneti wa zinthu zotere, kumene kamalandira dzina. Apo ndiye matelesikopu akuluakulu ngati SALT ya ku Sutherland ku South Africa amatembenuzidwa kuti aunike kuwalako.

Supernova imene inandigwira mtima ndi yotchedwa SN 2023ixf. Anaiona koyamba pa 19 Meyi 2023 ndi a Koichi Itagaki a ku Yamagata ku Japan, munthu woti zakuthambo amachita mwa chidwi chabe. Ili mu mlalang'amba (gulu lalikulu kwambiri la nyenyezi) wa M101, ndipo kuwala kwake kunayenda zaka pafupifupi 21 miliyoni kuti kufike kuno. Popeza inadziwika msanga, akatswiri anapeza zizindikiro za mpweya umene nyenyeziyo inkataya itatsala pang'ono kuphulika. Patangopita masiku ochepa zizindikirozo zinazimiririka. Wochedwa sanapeze kanthu.

Tsono pofuna kudziwa nthawi yeniyeni imene inaphulika, anafufuzanso m'zithunzi za anthu wamba amene ankajambula M101 usiku wa dzulo lake, osadziwa chimene agwira. Ndinakumbuka zithunzi zathu zija za mufoni, zopanda tsiku, zopanda ola, ndipo ndinachita manyazi pang'ono.

SN 1987A inatchulidwanso, ya mu Febuluwale 1987 ija yomwe anthu anaiona ndi maso okha. Inali mu Large Magellanic Cloud, kamlalang'amba kooneka ngati kamtambo koyera kamene timakaona kummwera usiku wopanda mwezi. Ana athu amakaona koma sitinawauzepo.

Chodandaulitsa nchakuti ku Sutherland sindinafike. Ndi kutali, ndipo thumba silinalole. Kuzizira kwa Cape Town nako kunandichititsa kugula jekete lomwe silinali pa bajeti. Limenelo ndalipira ndekha.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tigwirizane zoti katelesikopu ka kalabu kazikhala ndi kaundula wake: tsiku, ola, malo, ndi chimene tayang'ana. Tisankhenso milalang'amba iwiri kapena itatu yoti tiziibwereza mwezi ndi mwezi, osati kumangothamangira Mwezi ndi Saturn. Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa a Msungichuma.